Chinsinsi cha m'thumba la feteleza

Patchuthi chapitachi ndinaperekeza bambo anga kukagula feteleza wa Urea. Tinachoka kwathu ku Kapondo m'mamawa panjinga, titanyamula ndalama zonse za mtedza umene tinagulitsa, koma tinabwerako ndi thumba limodzi lokha. Panjira bambo anandifunsa kuti, "Iwe ukuphunzira sayansi, mchere umenewu amaukumba kuti kuti uzidula chonchi?" Ndinachita manyazi chifukwa ndinasowa choyankha. Nditabwerera kuno ndinafunsa aphunzitsi, ndipo zimene ndinamva zandichititsa kulemba nkhaniyi.

Urea sakumba. Chakudya cha mbewu chimene chili m'menemo, nayitirojeni, chimachokera mumpweya umene tikupumawu. Pa magawo 100 alionse a mpweya, 78 ndi nayitirojeni, koma chimanga sichingamutenge chokha. Mu 1909 Fritz Haber wa ku Germany anakwanitsa kumuphatikiza ndi hayidirojeni n'kupanga amoniya, amene amapangira Urea. Anathandizidwa ndi katalisiti, chinthu chimene chimafulumizitsa kusintha kwa zinthu koma icho osatha. Kumudzi timachidziwa kale: amayi akathira chimera m'phala, zimene zili m'chimeramo zimasandutsa phala lija thobwa lotsekemera.

Katalisiti wa Haber anali osmium, chitsulo chosowa kwambiri. Alwin Mittasch wa kampani ya BASF anayesa zinthu zikwizikwi mpaka anapeza kuti chitsulo wamba chosakaniza ndi tinthu tina pang'ono chimagwira ntchitoyo. Mu 1913 Carl Bosch anatsegula fakitale yoyamba ku Oppau. Mpaka lero ntchitoyi imafuna kutentha kwa madigiri 400 kapena kuposa, kupanikiza mpweya mwamphamvu, ndiponso gasi wambiri. N'chifukwa chake gasi atakwera mtengo mu 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba, mlimi wa ku Mchinji naye analira. Akatswiri akupitirizabe kukonza makatalisiti abwino, monga a ruthenium amene mafakitale ena anayamba kugwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1990, kuti ntchitoyi isamadye mphamvu zambiri.

Chimene chinandidabwitsa koposa n'chakuti m'munda mwathu muli katalisiti woposa wa Mittasch. Mukazula mtedza kapena soya, mumaona timatuza m'mizu. M'menemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene timagwira nayitirojeni wa mumpweya popanda moto kapena gasi. Akatswiri a ku Chitedze akhala akufufuza za tizilombo timeneti, ndipo masiku ano tikupezeka m'mapaketi kuti mlimi asakanize ndi mbewu ya soya asanabzale.

Maganizo anga ndi awa. Makolo athu, musamatenthe masangwi a mtedza ndi zotsalira za soya. Kwirirani m'nthaka, ndipo chaka chotsatira mubzalepo chimanga. Sindikunena kuti Urea tiwaleke, chifukwa mizu yokha siingakhutitse chimanga cha munda wonse. Koma thumba limodzi lija lingafike patali ngati nthaka yathandizidwa kale. Boma nalo, limene lakhala likutsitsa mtengo wa feteleza kuyambira 2005, liikeko ndalama zina pa alangizi ndi pa maphunziro a sayansi, chifukwa chopempha sichidzaza nkhokwe.

Kwa inu anzanga a pano amene mumati wansembe safunika kemisitile, ndikuti taganizaninso. Ena mwa ife tidzatumikira anthu amene moyo wao uli pa khasu. Akadzatifunsa ngati mmene bambo anandifunsira ine, tidzangoyang'ana pansi? Tchuthi chikubwerachi ndikawayankha bambo anga tili m'munda, nditazula phata limodzi la mtedza n'kuwaonetsa timatuza tija.