Nthambo Ikafupika pa Chinkhoswe

Amayi anzanga a ku Songani, nyengo ya zinkhoswe yafika, ndipo ambiri a inu mudzafuna nyimbo pabwalo. Kale tinkatulutsa wailesi ya kaseti. Lero nyimbo zili m'foni. Koma vuto ndi lomwe lija: sipika ili patsinde pa mango, foni ikuchajidwa m'nyumba, nthambo yafupika.

Musalole mnyamata aidule ndi lumo, napota mawaya n'kukulunga jumbo. Timawaya ta m'katimo n'tating'ono ngati tsitsi, ndipo tikakhudzana mawu amathawa. Gulani kolumikizira, kamene ogulitsa amati coupler. Kali ndi bowo uku ndi uku, momwe mitu ya nthambo ziwiri imalowa n'kugwirana. Popita ku Zomba kukagula, nyamulani nthambo yanuyo mukayesere pomwepo, pakuti mutu wa mamilimita 3.5, wonga wa mahedifoni, sulowa pa bowo la USB.

Nthambo ya mawu imalola kuitalikitsa, ngakhale kuti mukapyola muyeso sipika imayamba kulira ngati njuchi. Ya USB wamba njamakani: ikapitirira mamita 5, nyimbo zimadukaduka, mwinanso kungoti zii, apongozi ali pakati pa bwalo.

Nthambo ya magetsi a ESCOM ndiye musaiyese n'komwe kulumikiza ndi manja. M'menemo mumayenda mavolti 230, okwana kupha mwana woponda wopanda nsapato pa dothi lonyowa ndi madzi otsukira mbale. Imeneyo gulani yaitali yathunthu, ya pulagi ya mano atatu, ndipo muipachike m'mwamba, kutali ndi mafuwa ndiponso povinira.