Bwezani mano a mmbulu

Pali matenda amene agwira mabuku a ana ndi achinyamata, makamaka awa otenga nthano zakale za ku Ulaya n'kuzifotokozanso mwatsopano. Matenda ake ndi akuti munthu woipa saloledwanso kungokhala woipa. Mfiti iliyonse iyenera kukhala ndi bambo amene ankaizunza ili mwana. Mfumukazi iliyonse yankhanza iyenera kukhala kuti inaferedwa chibwenzi. Mmbulu nawo, eti, sitinaumvetse bwino.

Sindikukokomeza ayi. Mu 2009 Serena Valentino anatulutsa buku lotchedwa Fairest of All, lofotokoza mbiri ya mfumukazi ija inkafuna kupha Snow White. M'menemo timauzidwa kuti bambo ake, amene ntchito yawo inali yopanga magalasi, sankamukonda ndipo ankamunyoza, ndiye nkhanza zake zonse zinachokera pamenepo. Bukulo linayenda malonda, ndipo pano mabuku a mtundu umenewu a mlembi yemweyu aposa khumi, woipa aliyense wa Disney ndi lake. Mu 2016 Marissa Meyer analemba Heartless: mfumukazi ija yolamula kuti anthu adulidwe mitu mu nkhani ya Alice inali kamtsikana kabwinobwino kongofuna kutsegula malo ophikira makeke, kenako mnyamata amene kankamukonda anaphedwa. Zinafika pachimake ndi filimu ya Cruella ya mu 2021. Mayi amene timamudziwa kuti ankafuna kusenda tiana ta agalu kuti asoketse chikhoti, akuti ali mwana anaona agalu a mtundu womwewo akukankhira kuphompho mayi amene ankamulera. Abale, mpaka pamenepo?

Wina anena kuti ndine mmodzi wa aja olira zakale, ofuna kuti nthano isakhudzidwe. Ayi ndithu. Nthano yosasinthidwa kulibe. Charles Perrault atalemba nkhani ya kamtsikana kovala chofiira kaja mu 1697, mmbulu unadya agogo, n'kudyanso mwanayo, nkhani n'kuthera pomwepo. Mlenje wong'amba mimba ya mmbulu timamupeza m'buku la abale awiri aja a Grimm la mu 1812. A Grimm omwewo ankasintha zolemba zawo: mu 1812 amene ankafuna kupha Snow White anali mayi ake omubereka, koma pofika 1819 anali atasanduka mayi omupeza, poti zoti mayi n'kuchitira nsanje mwana wake zinaoneka zolemera kwambiri kuwerengera ana. Ngakhale agogo athu, nthano ya Kalulu imene ankasimba Lolemba siinkafanana ndendende ndi ya Loweruka. Kusintha si mlandu. Funso langa n'lakuti, posinthapo mwachotsa chiyani?

Zimene akuchotsa olemba ambiri a lero ndi mano. Ndipo mano amenewo ndiye anali ntchito yeniyeni ya nthanoyo.

Taganizirani amene nthano ya mmbulu inkamulankhula. Ndi mwana wamng'ono, wopanda mphamvu, amene watumidwa yekha panjira. Mmbulu sunabwere ukubangula. Unabwera mwaulemu, unapereka moni, unafunsa kumene akupita. Perrault mwiniwake, m'mawu ake otsekera, anachenjeza kuti mimbulu yofatsa ndi yaulemu ndiyo yoopsa kuposa yonse, ndipo aliyense wowerenga ankadziwa kuti sakunena za nyama ya m'tchire. Ife kuno sitifunika kutiphunzitsa zimenezi. Mawu akuti fisi kwathu kuno ali ndi matanthauzo awiri, ndipo lachiwirilo limayenda ndi miyendo iwiri usiku.

Tsono munthu wamkulu akafuna kuchita zoipa ndi mwana, chida chake choyamba si mpeni. Ndi nkhani yomvetsa chisoni. "Akazi anga sandimvetsa." "Ine ndinakula movutika, iwe wekha ndi amene umandisangalatsa." "Ukaulula andimanga, ana anga adya chiyani?" Woipa aliyense ali nayo mbiri yake, ndipo nthawi zambiri mbiriyo imakhala yoona. Nthano yakale inkadziwa zimenezi, n'chifukwa chake sinkampatsa mmbulu mpata wofotokoza za ubwana wake. Inkauza mwana chinthu chimodzi: zilibe kanthu kuti walankhula mokoma bwanji, thawa. Buku limene likutenga masamba mazana atatu kuphunzitsa mtsikana wa zaka 12 kuti ayambe wamvetsa kaye chimene chinapweteka womupwetekayo, likumupatsa phunziro limene dziko limamupatsa kale mopitirira muyeso. Atsikana athu sakusowa chifundo. Amauzidwa tsiku ndi tsiku kuti apirire, akhululuke, asachititse manyazi banja. Chimene akusowa ndi chilolezo chonena kuti uyu ndi mmbulu, basi.

Sindikunena kuti buku limodzi lingagwetsere mwana m'dzenje. Ndikunena za shelefu yonse ikamayimba nyimbo imodzimodzi. Ndipo tisanamizane kuti zonsezi zikuchokera mu mtima wachifundo. Dzina ngati Maleficent kapena Ursula ndi katundu wodziwika kale, safunika kumutsatsa kwambiri. Koma kuti mwana agule chidole chake, avale malaya ojambulidwa nkhope yake, ayenera kuyamba wamukonda. Woipa weniweni sagulitsa zikwama za kusukulu.

Pali mfundo imodzi yotsutsana nane imene ndimailemekeza, ndipo kwa ife a ku Malawi ndi yolemera kuposa mmene ingakhalire kwa wowerenga wa ku London. Mawu akuti mfiti kuno si a m'buku. Mu Januwale 2016, ku Neno, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira kuti ndi amene anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, koma agogo akuthamangitsidwabe m'midzi. Ndiye wina angafunse kuti, kodi nthano zoonetsa nkhalamba yokhala yokha kunkhalango ngati yodya ana si zimene zimakolezera moto umenewu? Kodi si bwino kuti ana awerenge buku lowauza kuti mfiti ija inali munthu?

Yankho langa ndi lakuti pali mafunso awiri amene anthu akuwasakaniza. Loyamba: ndani anamutcha mfiti, ndipo anapindula chiyani? Lachiwiri: wapha inde, koma bwanji timumvetse? Loyambalo ndi funso lolimba mtima, ndipo nthano yofotokozedwanso bwino imalifunsa. Ndi limene Gregory Maguire ankalimbana nalo mu Wicked mu 1995, ngakhale lija ndi buku la akuluakulu. Ngakhale filimu ya Maleficent ya mu 2014, ndi zofooka zake zonse, sinathetse uipa: inauchotsa pa mkazi uja n'kuuika pa mwamuna amene anamudula mapiko ali m'tulo kuti apeze ufumu. Mano anakhalapobe, anangosamukira m'kamwa moyenera. Ku Neno nakonso mmbulu unalipo. Sunali agogo aja. Unali gulu lonyamula zibonga. Mwana amene waphunzitsidwa kuti woipa kulibe, kuli anthu opwetekedwa okhaokha, adzalitcha chiyani gulu limenelo?

Olemba amene amalemekeza ana alipo. Jon Scieszka mu 1989 analemba The True Story of the 3 Little Pigs, mmene mmbulu umadzifotokozera wokha: eti unali ndi chimfine, unkangopempha kapu ya shuga yophikira keke ya agogo ake, unayetsemula, nyumba n'kugwa. Koma nkhumba ziwiri unadya ndithu, ndipo ukutisimbira zonsezi uli m'ndende. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amaseka chifukwa waugwira bodza. Limenelo ndiye phunziro: kumvetsera nkhani yokoma ya wolakwa, maso ali pa mafupa. Adam Gidwitz mu A Tale Dark and Grimm, la mu 2010, anabwezeretsa magazi onse amene ena anapukuta. Hansel ndi Gretel amathawa kwawo atadziwa kuti bambo awo omwe anawadulapo mitu, ndipo bukulo silithamangira kuwauza kuti akhululuke.

Koma limene ndimafuna mwana aliyense wa kuno ataliwerenga ndi Akata Witch la Nnedi Okorafor, la mu 2011. Sunny ndi mtsikana wa zaka 12 wa khungu lachialubino, wobadwira ku America koma akukhala ku Nigeria, amene amazindikira kuti ali ndi mphamvu zamatsenga. Mdani wake, Black Hat Otokoto, amaba ana, ena kuwapha, ena kuwadula ziwalo, pofuna mphamvu. Okorafor sataya nthawi kutipempha kuti timulirire. M'dziko limene ana achialubino akhala akubedwa ndi kuphedwa chifukwa cha mafupa awo, ndiuzeni ngati mwana wotere akufunika buku lofotokoza kuti womusakayo anakula movutika. Akufunika kuona mtsikana wofanana naye ataima maso ndi maso ndi chilombocho, n'kukhalabe moyo.

Nkhawa yanga yaikulu ndi yakuti matendawa adzafika pa nthano zathu, poti chimene chayamba kunja sichichedwa kutipeza, makamaka pa timabuku ta ana timene amalipirira ndi a mabungwe. Tonse tikumudziwa Kamdothi. Mayi wosabereka anaumba mwana ndi dothi, n'kumuchenjeza kuti akaona mitambo azithamangira kunyumba. Tsiku lina anapita patali, mvula inamupeza panjira, anasungunuka mayi ake akuona. Palibe mlenje, palibe mankhwala, palibe kudzukanso. Tinkamva nthano imeneyi tili ndi zaka zisanu, tinkalira, ndipo mawa lake tinkapempha kuti atisimbirenso. Inkatiuza chinthu chimene akuluakulu ankalephera kutiuza mwachindunji m'midzi mmene maliro a ana sanali achilendo: kuti mayi akhoza kukukonda ndi mtima wonse, n'kukuitana ndi mawu ake onse, koma mvula n'kukupezabe.

Ndikungodikira tsiku limene ndidzalowe m'sitolo ya mabuku n'kupeza Kamdothi wa zithunzi zokongola atagwira ambulera, mvula itabwera kudzapepesa n'kufotokoza kuti nayonso inakula mozunzidwa ndi dzuwa. Limenelo mphwanga sindidzamugulira.