WAILESI YA NZERU, VIDIYO YA KU BOLERO NDI FONI YA MWANA WANGA

Lero ndilemba zazitali pang'ono, pirirani nane mpaka kumapeto.

Lachiwiri usiku ndinadzuka cha m'ma 1 koloko kuti ndipemphere. Podutsa pa chitseko cha mnyamata wanga wa Fomu 2 ndinaona kuwala pansi pa bulangete. Foni. Ndinailanda mwaukali, ndinamulalikira ulaliki wonse wa "ife kale sitinkatero", kenaka ndinabwerera kuchipinda. Pemphero linakana kutuluka. Mzimu anangondifunsa mumtima kuti, kodi iwe kale unkatani?

Ndiye ndikuuzeni zimene tinkatani.

Ife obadwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 tinakula opanda kanema. TVM inayamba mu 1999, ndipo ine ndinaiona koyamba ku Mzuzu ndili ndi ndevu kale. Kwathu m'chigwa cha Henga tinali ndi wailesi ya Nzeru imodzi, ya bambo. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa kuti atipatseko madzulo amodzi ena. Ikafika nthawi ya sewero la Kapalepale kapena Pamajiga pa MBC, khonde lathu linkadzaza, ana a nyumba zitatu pamphasa imodzi. Agogo Chichewa sankachimva bwino, ndiye bambo ankatanthauzira m'Chitumbuka sewero lili mkati. Likatha ankatiloza mmodzimmodzi: wolakwa ndani m'nkhani ija? Ukayankha zopusa onse ankakuseka, koma unkagona utaphunzira.

Mabuku nawo anali ogawana. Timve ndi Tsala tinkawerenga anthu anayi buku limodzi, mitu ili yogundana. Titakulirapo kunabwera Sikusinja ndi Gwenembe la a Gwengwe, Nthondo la a Ntara, Njala Bwana la a Zingani. Buku limodzi linkazungulira kalasi yonse mpaka chikuto kutha, ena n'kulimata ndi phala.

Koma ndisakunamizeni ngati tinali angelo. Nayi mbali imene sindinamuuzepo mwana wanga.

Ku Bolero kunabwera vidiyo. Kachipinda kamdima, jenereta ikulira kumbuyo, chikwangwani cha makala panja: Rambo, Chuck Norris, Bruce Lee. Chingerezi sitinkamva ngakhale liwu, tinkangodikira nkhonya. Chaka china bambo atagulitsa fodya, ndinatsegula kachitini kawo n'kutengamo ndalama. Masiku atatu ndinkanyamuka m'mawa nditavala yunifolomu, kusukulu osafika. Bambo atawerenga ndalama anakayikira mnyamata wina amene ankatithandiza kusoka fodya, ndipo anamuchotsa ntchito. Ine chete.

Sabata yomweyo ndi imene ndinkawerengera agogo Sikusinja ndi Gwenembe madzulo, pa nyali ya koloboyi. Amene munaliwerenga mukukumbukira: Gwenembe anapha Sikusinja chifukwa cha chuma, koma mbalame inamutsata ikuimba mlandu wake mpaka kumudzi. Nditafika pa mbalame ija mawu anandithera. Agogo anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa mwa Chitumbuka ngati nanenso ndili ndi mbalame yanga. Ndinalira, ndinaulula. Mawa lake bambo anandigwira dzanja, tinayenda wapansi kukapepesa kwa mnyamata uja makolo ake akuona. Chikwapu ndinaiwala, koma ulendo umenewo sindidzauiwala. Ndinabadwa mwatsopano patapita zaka zambiri, koma kulapa ndinakuphunzira tsiku limenelo. Aleluya!

Tsono maganizo anga ndi awa, ndipo ena mukwiya nane. Tikulakwitsa tikamauza ana kuti kale zonse zinali zoyera. Mlaliki 7:10 amatiletsa kufunsa chifukwa chake masiku akale anali abwino kuposa ano. Kale lomwelo, kuyambira 1968, Chitumbuka chathu chinachotsedwa pa wailesi, chinadzabwerera mu 1994. Kale lomwelo mwana wa mlimi anaba ndalama za fodya chifukwa cha Rambo. Tchimo silinabwere ndi TikTok ayi.

Chimene chinandipulumutsa ine si kusowa kwa kanema. N'chakuti nkhani tinkaimva pamodzi, pali wamkulu pafupi woyang'ana nkhope yako. Mu kachipinda ka vidiyo munalibe wondifunsa kanthu, ndipo n'kumene ndinagwa. Pamphasa ya agogo panali wondifunsa, ndipo n'pamene ndinadzuka.

Ngakhale kanema atabwera, taonani Tikuferanji. Manganya ankatiseketsa, koma masiku amenewo Edzi inali kutimaliza, maliro sabata ndi sabata, ndipo sewero lija linatsegula pakamwa m'mabanja momwe nkhani ya matendawa sinkatchulidwa. Chifukwa chake? Tinkaonera khumi pa kanema mmodzi wa mneba, tikumatsutsana pobwerera kunyumba. Amene ankasewera Manganya, a Michael Usi, anadzafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Musanyoze sewero.

Wina anena kuti abusa, za pafoni zaipitsitsa kuposa Rambo. Zoona, sindikukana, ndipo malire ayenera kukhalapo. Kwathu foni sigonanso kuchipinda kwa ana. Koma kulanda kokha sikulera. Mwana uja anaphunzira kwa ndani kudya nsima diso lili pagalasi? Kwa ine, abusa ake, amene ndimayankha ma Amen anu pa Facebook mayi akupempherera chakudya. Deuteronomo 6:7 amati tizikamba ndi ana za Mawu tili pansi m'nyumba ndiponso tili panjira. Sizitheka aliyense ali pakona yake.

Lachitatu ndinamubwezera foni, ndinamupepesa chifukwa cha ukali, ndipo ndinamuuza nkhani ya kachitini ka agogo ake. Anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Kenaka nayenso anayamba kulankhula, zinthu zimene sindingalembe pano, zimene ndikanangolanda foni sindikanazimva.

Makolo anzanga a ku Rumphi, ku Mhuju, ku Hewe, ndi inu muli ku Joni, ndikupempha madzulo amodzi pa sabata. Zimitsani mafoni onse, yanu poyamba. Onerani kanthu kamodzi pamodzi kapena werengani buku mokweza, mukatha funsani kuti wolakwa ndani. Ndipo amene akusungabe Sikusinja ndi Gwenembe, ngakhale lopanda chikuto, andibwereke, ndibweza.

Ambuye akudalitseni ndi ana anu. Amen.