Musationetse chipinda cha opaleshoni, tionetseni labotale

Akuluakulu a zaumoyo ku Zimbabwe akamalonjeza kuti ayambiranso kuika odwala impso zatsopano, amajambulitsa m'chipinda cha opaleshoni ataima pafupi ndi madokotala obwera kuchokera kunja. Ntchitoyi inkachitika pa chipatala cha Parirenyatwa mpaka inaima mu 1992, chaka chomwe Sally Mugabe, mkazi wa pulezidenti wa nthawiyo, anamwalira ndi matenda a impso. Pambuyo pake tinakhala zaka tikuuzidwa kuti chipatala cha Chitungwiza chayamba kukonzeka. M'malonjezo onsewa simumveka za mnyamata kapena mtsikana wa mu labotale, pomwe iyeyo ndiye amanena ngati impsoyo ikhale kapena ayi.

Kusoka mitsempha madokotala anakuzolowera kalekale. Chovuta n'chakuti thupi limazindikira chiwalo chachilendo n'kuchiukira. Maselo a munthu aliyense ali ndi zizindikiro zotchedwa HLA, ndipo opaleshoni isanachitike wina amayenera kusakaniza madzi a m'magazi a wodwala ndi maselo oyera a wopereka impso, kuti aone ngati asilikali a m'thupi awapha. Mu 1969, Patel ndi Terasaki anaonetsa kuti mwa impso 30 zomwe zinaikidwa ngakhale kuyezaku kunachenjeza, 24 zinalephera nthawi yomweyo.

Wongoyamba kumene ntchito ya mu labotaleyi alibe ulemerero. Amalemba mayina pa machubu, kupungusa magazi m'makina, kutulutsa DNA, kulemba kuzizira kwa firiji m'mawa ndi madzulo. Koma asokoneze machubu awiri okha, banja lomwe linagulitsa nyumba lataya impso ndi ndalama zomwe.

Taganizirani wodwala wa ku Mabvuku, dera la mu likulu la dzikoli, amene abale amusonkhera mpaka wapita ku India kukaikidwa impso. Akabwerako amamwa mankhwala ngati tacrolimus moyo wake wonse, ndipo magazi ake amafunika kuyezedwa pafupipafupi: mankhwala akachepa thupi limakana impso, akachuluka amaiwononga okha. Munthuyu, chitetezo chake chitafooketsedwa dala, akubwerera ku dera lomwe mipopi yambiri inauma kalekale, anthu amadalira mijigo ndi zitsime, mumzinda womwe kolera anapululamo anthu mu 2008. Dokotala wa ku India uja sadzakhalapo. Adzafunika labotale yodalirika pafupi.

Palinso china. Ku Mabvuku ndi Tafara kuli ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi ndi Mozambique. Gule Wamkulu amavinidwabe kumeneko. Mwayi woti mchimwene kapena mchemwali wa bere limodzi afanane nawe HLA kotheratu ndi umodzi mwa inayi, ndipo m'bale woteroyo mwina ali ku Dedza kapena ku Tete. Anthu a mu Africa ndiwo ali ndi mitundu yambiri ya HLA kuposa ena onse, komanso ndiwo afufuzidwa pang'ono. Kafukufukuyo tikudikira kuti atichitire ndani?

Ena ati tiyambe talimbitsa dayalisisi, yomwe boma linalengeza mu 2018 kuti ndi yaulere m'zipatala zake. Limbitsani ndithu. Koma kusefedwa magazi kawiri kapena katatu pa sabata mpaka imfa si mankhwala oti dziko lizinyadira.

Mabvuku anamangidwira antchito a m'makhitchini ndi m'magadeni a azungu a ku Highlands ndi Greendale. Hamilton Naki nayenso anayamba ngati wa m'gadeni pa University of Cape Town, kenako analowa mu labotale ya nyama n'kumaphunzitsa madokotala luso loika ziwalo. Digiri yaulemu anamupatsa mu 2003, atapuma kale ntchito, patangotsala zaka ziwiri kuti amwalire. Ana a ku Mabvuku omaliza maphunziro a labotale pa University of Zimbabwe asadikire zotero. Unduna uwatsegulire malo a ntchito, uwalipire malipiro oti asalakelake za ku Britain, ugule mankhwala oyezera, ndipo firiji ya magazi ikhale ndi sola yake magetsi akathima.