MAZIKO AMAKUMBIDWA M'CILIMWE

Mmisiri aliyense adzakuuzani kuti maziko a nyumba sakumba mvula ili kugwa. Amakumba m'cilimwe, kufikira khasu litagunda polimba. Nyumba ikatha, anthu amayamikira malata ndi utoto, maziko osawaonanso. Koma tsiku la cimvula, nyumba yonse imadalira cimene cinabisika pansi.

Ambuye Yesu anatsiriza ulaliki wao wa paphiri ndi fanizo la anthu awiri omanga nyumba (Mateyo 7:24-27). Taonani ici: mvula, madzi osefukira ndi mphepo zinagunda nyumba zonse ziwiri. Womanga pathanthwe sanalonjezedwe nyengo yabwino ai. Cimene anapindula ndi cakuti nyumba yake sinagwe.

Ife a m'Zambia nyengo yotere tikuidziwa. Kolera imene inabuka mu Okutobala 2023 inapha anthu oposa 700, ndipo bwalo la masewera la Heroes mu Lusaka linasanduka cipatala. Misozi isanaume, mvula inadula cimanga cili pafupi kumasula. Pa 29 Febuluwale 2024, Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse, pakuti maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi nkumazima maola ambiri pa tsiku. Acikulire anakumbukira 1992, caka ca cimanga cacikasu.

Masiku otere ndiwo amaulula pamene munthu anamanga. Ena amathamangira kwa asing'anga kukafunsa amene wamanga mvula, nayamba kuloza cala nkhalamba zosalakwa. Ena amapereka ndalama yotsala ya ufa kwa alaliki ogulitsa mafuta a zozizwitsa. Umenewu ndi mcenga, abale anga. Mantha ndiwo amaumba njerwa zake, ndipo cotsatira cake ndi udani m'mudzi ndi njala m'nyumba.

Nanga thanthwe ndi ciani? M'fanizo lija, wanzeru ndi uja amamva mau a Ambuye ndi kuwacita. Tsono kukhulupirira Mulungu si kukhala manja lende. Yosefe ku Ejipito anakhulupirira Mulungu, nasunga tirigu zaka zisanu ndi ziwiri. Mkristu woona amapemphera, ndiponso amaphitsa madzi akumwa, amabzala cinangwa ndi mapira pambali pa cimanga, amatapako ufa kupatsa mai wamasiye. Amatero cifukwa adziwa kuti Mulungu amene sanasiye Mwana wake m'manda sadzamsiya iyenso. Munthu wotere amalira pamaliro monga ena onse, koma sataya mtima.

Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Ndi cifukwa cake Eklezia amatiitanira ku miphakati, kuti wofooka lero atsamire pa cikhulupiriro ca mnzake.

Caka ca 2025 nkhokwe zambiri zinadzazanso, ndipo tiyamika Mulungu. Koma mtendere ukabwera, cimeneco ndico cilimwe cathu, nthawi yokumba. Kodi pabanja panu mumapemphera pamodzi madzulo? Kodi ana anu akudziwa korona? Kodi munapita liti ku Ulapi? Musadikire mitambo yakuda kuti muyambe kufuna khasu.

Ambuye akusungeni inu ndi mabanja anu.