MSONKHO WA POIMIKA GALIMOTO: PHUNZIRO LA MIZINDA KWA ANTHU A PA BENGA

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Mawu amenewa ayenera kukumbukiridwa ndi onse amene akhala ali kupempha kuti msewu wa m'mbali mwa nyanja ukonzedwe. Msewuwu, umene m'mabuku a Boma utchedwa M5, udagawidwa zigawo ziwiri pa ntchito youkonzanso imene idayamba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2020, ndipo malire a zigawozo ali pa Benga, m'dera la Mfumu Mwadzama ku Nkhotakota. Chigawo cha kummwera, chochokera pa Kaphatenga ku Salima, Boma lidachitenga ndi ndalama zake. Chigawo cha kumpoto, cholinga ku Dwangwa, chidapeza thandizo la African Development Bank.

Msewu wabwino uitana magalimoto, ndipo galimoto iliyonse yoyenda iyenera kuima penapake. Funso la pamene idzaima, ndi la amene adzalipira malowo, lasautsa makhonsolo a mizinda zaka zambiri. Funso lomwelo lili pa njira kudza ku Benga, ndipo nkwabwino kuti likapeze anthu atakonzeka.

MALO AULERE ALI NDI MTENGO WAKE

Amene adutsa pa malo a malonda a m'mbali mwa M5 pa tsiku la msika adziwa m'mene zikhalira. Maminibasi ndi magalimoto a matola aima pamphepete penipeni pa phula. Malole onyamula mpunga, chinangwa ndi usipa aima pomwepo, pamodzi ndi njinga za kabaza, zopalasa ndi zamoto zomwe. Ambiri ayesa kuti malowo ndi aulere, koma mtengo wake ulipo, kungoti aulipira ndi ena. Phula ligumuka kuyambira m'mphepete chifukwa cha kulemera kwa malole. Mwana wa sukulu wodumpha msewu pakati pa magalimoto awiri oima saoneka kwa woyendetsa amene ali kudza ndi liwiro. Mwini sitolo apeza khomo lake litatsekedwa ndi lole kuyambira m'mawa kufikira madzulo, ndipo ogula apitirira.

Chinanso nchakuti pa masiteji ambiri a m'dziko muno ndalama ya poima ilipo kale. Anyamata oitanira alandira kanthu kwa kondakitala aliyense minibasi isananyamuke, popanda lisiti ndiponso popanda buku lolembamo. Chotero nkhani yeniyeni ndi ya amene ayenera kulandira ndalamayo, lamulo limene ailandirira, ndi ntchito imene idzagwira.

CHIMENE MIZINDA IDAYAMBIRA KULIPIRITSA

Makina oyamba olipirira poimika galimoto adaikidwa mu mzinda wa Oklahoma City ku America m'chaka cha 1935, ndipo ku London adafika m'chaka cha 1958. Vuto limene adadzera lidali lofanana ndi la mwini sitolo uja: antchito a m'maofesi adali kusiya magalimoto awo pa makomo a masitolo tsiku lonse, ogula ndi kusowa poima. Ndalamayo idaikidwa kuti munthu aime nthawi yochepa, achite zimene wadzera, apatse mnzake malo.

Koma pothetsa vuto limeneli padabadwa lina. Othawa kulipira adayamba kukaimika m'misewu ya m'mbali momwe mukhala anthu, kotero kuti eni nyumba adasowa malo pa makomo awo omwe. Apa ndi pamene padachokera chiphaso cha okhala pamalopo: munthu alipira kamodzi pa chaka, nalandira chizindikiro chomulola kuimika pafupi ndi nyumba yake, pamene mlendo alipira mwa maola.

Ku Malawi kuno makhonsolo a mizinda, monga Blantyre ndi Lilongwe, akhala ali kulipiritsa oimika magalimoto pakati pa tauni kudzera mwa antchito oyenda ndi malisiti. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2020 khonsolo ya Lilongwe idayambitsa njira yatsopano, yoti wantchito alembe nambala ya galimoto m'makina, mwini wake ndi kulipira pa lamya ya m'manja. Cholinga chidali chabwino, ndicho kutseka mipata imene ndalama zidali kuthawira. Komabe eni magalimoto ambiri adadandaula kuti adali kupezeka ndi ngongole zimene sadazidziwe. Njira yatsopano, ingakhale yanzeru chotani, ikafika anthu asanauzidwe bwino ioneka ngati msampha.

Phunziro lina lidachokera ku zipata zolipirira pa msewu wa M1. Chipata cha pa Chingeni ku Ntcheu chidatsegulidwa mu November 2021, ndipo cha pa Kalinyeke ku Dedza mu January 2022. Anthu atadandaula, Boma lidatsitsa mtengo wa galimoto yaing'ono kuchoka pa K1,700 kufika pa K1,000. Boma lidachita bwino kumvera. Koma chidaoneka nchakuti mtengo wokambirana poyamba ukhalitsa kuposa mtengo wongolengeza.

MLANDU WA KU BARNET

Ku London kuli dera lotchedwa Barnet, limene khonsolo yake m'chaka cha 2011 idakweza chiphaso cha okhala pamalopo kuchoka pa mapaundi 40 kufika pa mapaundi 100 pa chaka, ndi kapepala ka mlendo wodzacheza kuchoka pa paundi 1 kufika pa mapaundi 4. Khonsoloyo idafuna ndalama zokonzera misewu ndi zolipirira maulendo a okalamba m'mabasi. Anthu a m'deralo adatengera nkhaniyi ku Bwalo Lalikulu, ndipo m'chaka cha 2013 bwalo lidagamula kuti kukwezako kudali kosemphana ndi lamulo la dzikolo la 1984. Lamulolo lilola khonsolo kulipiritsa pofuna kulongosola kayendedwe ndi kaimidwe ka magalimoto, koma silipatsa mphamvu yosandutsa chiphaso kukhala msonkho wodzazira thumba. Khonsoloyo idayenera kubweza ndalama.

Chigamulo cha ku England sichimanga Malawi, koma nzeru yake ndi yothandiza. Makhonsolo a m'maboma monga Nkhotakota alibe nyumba zambiri zokhometsa msonkho ngati mizinda. Chuma chimene atolera okha chichokera makamaka ku ziphaso za m'misika ndi za mabizinesi, china ndi chimene Boma litumiza. Ndiponso kugwa kwa kwacha, ndi 25 pa 100 mu May 2022 ndi 44 pa 100 mu November 2023, kudachepetsa mphamvu ya ndalama zonsezo. Chotero yesero loona galimoto iliyonse yoima ngati nkhokwe ndi lalikulu. Khonsolo yogwa m'yesero limeneli idzaona oyendetsa ali kuthawira kunja kwa malire a malo olipira, ndi kukaima pa ngodya zoopsa koposa, ndipo amalonda a pa Benga ndiwo adzataya ogula.

LAMULO LA MALAWI LINENA CHIYANI

Lamulo la Maboma Aang'ono la 1998 lipatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo aang'ono a m'dera lawo ndi kutolera ndalama za ziphaso ndi za ntchito zimene achitira anthu. Malamulo aang'onowo akambidwa ndi makhansala, ndipo ayenera kuvomerezedwa ndi Nduna asanayambe kugwira ntchito. Kuyambira 2005 kufikira 2014 dziko lidakhala lopanda makhansala. Tsopano alipo, ndipo nkhani ngati iyi ndi ntchito yawo yeniyeni. Ndalama yotoleredwa popanda lamulo lotere isiyana pang'ono ndi ya oitanira aja, angakhale woitolera atavala yunifomu.

Pali mfundo inanso imene ambiri aiwala. M5 ndi msewu waukulu, wosamalidwa ndi bungwe la Roads Authority limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006, ndipo malo osungidwira msewu wotere ndi mamita 60, ndiye kuti mamita 30 mbali iyi ndi iyo kuchokera pakati. Khonsolo singangojambula mizere pa phula la M5 ndi kuyamba kulipiritsa. Chofunika poyamba ndi depoti, kapena bwalo loimikapo lopatukira kunja kwa msewu, lopezeka mogwirizana ndi a Roads Authority, mafumu ndi eni malo. Munthu alipira chimene wapatsidwa. Woyendetsa sangauzidwe kuti achoke pa msewu asanasonyezedwe koti apite.

MWINI MUDZI NDI MLENDO

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwini mudzi akhalapo chaka chonse. Dongosolo labwino liyenera kusiyanitsa awiriwa. Lole yodutsa, yogona usiku pa Benga pa ulendo wa ku Dwangwa, itenga malo aakulu ndi kuononga kwambiri, ndipo nkoyenera kuti ilipire pa usiku uliwonse. Minibasi yodikira anthu ilipire pa ulendo kapena pa tsiku. Koma mwini sitolo amene galimoto yake itsitsa katundu pa khomo lake, ndi mnyamata wa kabaza amene siteji yake ndi yomweyo masiku onse, akalipiritsidwa ngati alendo adzalipira kambirimbiri pa malo a kwawo komwe. Iwowa ndiwo oyenera chiphaso cha pa mwezi kapena cha pa chaka, cha mtengo wotsika, cholembedwa m'kaundula. Mlimi wotsitsa matumba ake a mpunga kwa mphindi zowerengeka, ambulansi, ndi galimoto ya maliro, zisakhudzidwe konse.

NDALAMA ZIONEKE NTCHITO YAKE

Ku Pasadena, m'dera la California ku America, amalonda adakana makina olipirira kwa nthawi yaitali, kufikira m'chaka cha 1993 pamene khonsolo idalonjeza kuti ndalamazo zidzagwira ntchito m'misewu yomweyo imene zatoleredwa. Zidapita ku nyale, kusesa ndi kukonza njira za oyenda pansi, ndipo okana aja adasanduka oteteza dongosololo. Katswiri wa ku America, Donald Shoup, adalongosola chitsanzo chimenechi m'buku lake la 2005 lonena za mtengo wobisika wa malo aulere oimikapo magalimoto.

Pa Benga zosowa zake nzoonekeratu kwa aliyense woyenda ulendo: chimbudzi chaukhondo, mthunzi wa odikira basi, nyale za dzuwa, ngalande za madzi a mvula, ndi mizere ya podumphira ana. Mitengo ilembedwe pa chikwangwani m'Chichewa, aliyense wolipira alandire lisiti ya nambala, ndipo mwezi ndi mwezi pakhomedwe pepala lonena zimene zalowa ndi zimene zagulidwa. Oitanira nawonso asangopirikitsidwa, pakuti wothamangitsidwa lero abwerera mawa. Ena mwa iwo angalembedwe ntchito yolondera ndi kulongosola depoti.

M'mera mpoyamba. Malo oyenera depoti akamangidwapo masitolo, kuwapezanso kudzafuna chipukuta misozi chimene khonsolo singachikwanitse. Alembi a ku khonsolo, alangizi ndi aphunzitsi, amene mawu awo amveka m'makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, angathandize kwambiri pofunsa makhansala awo mafunso atatu msewu usanadzaze: malo oimikapo adzakhala pati, okhala pa Benga adzalipira motani, ndipo ndalamazo zidzawerengedwa pamaso pa yani.