Chikondi Chimaoneka M'nyengo ya Mwera

Mwezi wa June ukafika, mphepo ya mwera imawomba, nyanja imawinduka, ndipo kuno kwa Khombedza m'bandakucha munthu amafunafuna chofunda. Sikuzizira ngati ku Dedza ai, koma popeza tinazolowera kutentha, nyengoyi imapeza mabanja ambiri osakonzeka.

Maganizo anga ndi akuti chikondi cha m'banja chimayesedwa m'miyezi imeneyi. Mawu okoma safunditsa munthu. Chimene chimasunga moyo ndi tintchito ting'onoting'ono timene ambirife timatipeputsa.

Tiyambe ndi khanda, pakuti thupi lake limazizira msanga kuposa la wamkulu. Likangobadwa lipukutidwe, livekedwe chipewa, ndipo lisasambitsidwe mpaka patapita maola 24. Ngati labadwa losakwana makilogalamu 2.5, mayi aligoneke pachifuwa, khungu kukhudzana ndi khungu, nalimanga ndi chitenje. Njira imeneyi, yotchedwa kangaru, inayamba mu 1978 ku Bogotá m'dziko la Colombia, ndipo siilira ndalama. Inu abambo, mayi akatopa mulandireni mwanayo pachifuwa chanu. Palibe chamanyazi pamenepo.

Chachiwiri ndi moto. Wogona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka amaganiza kuti akukomera mtima banja lake, chonsecho makala amatulutsa mpweya woipa wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo. Tulutsani mbaula musanagone. Mwana wokwawa kapena wodwala khunyu asasiyidwe yekha pamoto. Utsi wa nkhuni nawo umafooketsa mapapo a ana, choncho asakhalitse m'khitchini mofuka.

Chachitatu ndi kumvetsera kapumidwe ka mwana amene akutsokomola. Chibayo chimadza ndi tizilombo, ndipo chizindikiro chake ndi kupuma mofulumira. Werengani kwa mphindi imodzi mwanayo ali phee. Wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kupitirira, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika ka 40, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chitani chimodzimodzi ngati m'munsi mwa chifuwa mukulowa mkati popuma. Katemera woteteza ku chibayo anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2011. Onani m'buku la kusikelo ngati mwana wanu anamaliza.

Tisaiwalenso agogo amene amagona okha. Kuwafunditsira madzi osamba, kuwapatsira phala lotentha m'mawa ndi kutseka mipata ya pachitseko ndiko kuwalemekeza. Msodzi wobwera kunyanja atanyowa apeze zovala zouma zikumudikira.

Ena adzati, "Bulangete ndi lodula." Nzoona, koma zambiri zimene ndatchulazi zimangofuna maso ndi mtima. Usiku uno musanagone, dzukani mukaone ngati mwana wafunda, ngati moto wazima, ndiponso ngati agogo adya.